Khansala tinamusankha ife, nanga bwanji akuti tidikire aphungu?

Mai a Tadala: Abale anga a m'chigwa cha Shire, mwaswera bwanji ndi kutenthaku? Ndili ndi funso, koma musandiveke chipani, chifukwa ine nsalu za zipani zonse ndili nazo. Ina ndimaberekera mwana, ina ndimafunditsira dengu la nsomba. Kwathu kuno, wodi sinditchula, kuli kamlatho ka matabwa komwe ana amawolokera popita kusukulu. Kanapita ndi Freddy mu 2023, tinangogonekapo mitengo iwiri ya mgwalangwa. Dzulo tinanyamuka azimayi anayi kupita kwa khansala amene tinamusankha pa 16 September 2025. Kutilandira anatilandira bwino, mphasa anatiyalira, madzi anatipatsa. Koma yankho lake akuti, "Amayi, tidikire kaye olemekezeka abwere ku Lilongwe." Ndiye ine ndikufunsa: paja tsiku lija anatipatsa mapepala atatu. Lachitatulo linali la chiyani?

Wakabaza wa pa Dyeratu: Linali lokulungira mandasi amayi kkkk

Mai a Tadala: Iwe, ine sindikuseka. Mvula ikangogwa kumapiri uko, ana athu sukulu yathera pomwepo mpaka Marichi.

Aphunzitsi Opuma: Mwafunsa bwino, mayi. Achinyamata ambiri pagulu pano sadziwa kuti ukhansala m'dziko muno ndi mwana wokula modwaladwala. Lamulo la maboma aang'ono linabwera mu 1998, makhansala tinawasankha mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005. Kuchokera pamenepo tinakhala zaka 9 opanda khansala ndi mmodzi yemwe, mpaka chisankho chapatatu cha pa 20 May 2014. Zaka 9 zimenezo ntchito ya khansala sinagone pansi ayi, aphungu anaitola. Mjigo, mlatho, buloko ya sukulu, zonse anthu anazolowera kukapempha kwa phungu. Pamene makhansala ankabwerera anapeza pa mpando pawo pali munthu kale, ndipo munthuyo ali ndi galimoto.

Mnyamata wa ku Joni: Koma adala, 2014 ndi kale. Mwana wobadwa chaka chimenecho pano akuyandikira Sitandade 8. Tizingonamizirabe zaka 9 zomwezo?

Aphunzitsi Opuma: Sindikunamizira mwanawe, ndikukuuza kumene matenda anayambira. Chomwe chikuwasunga, afotokoze amene analowamo. Tili nawo pagulu pano, amangowerenga mwakachetechete.

Khansala Wakale: Aphunzitsi mwandiponya pamoto. Chabwino, ndiyankhula, poti pano ndinabwerera ku thonje ndi chitowe changa, palibe angandichotse pa mpando.

Ndinakhala khansala kuyambira 2014 mpaka 2019. Nthawi imeneyo Nsanje inali ndi aphungu 5 ndi makhansala 10, Chikwawa aphungu 6 ndi makhansala 12. Ndiye kuti dera la phungu mmodzi ankangolidula pakati, mawodi awiri. Kale mu 2000 mawodi anali oposa 800 dziko lonse, ife tinapeza atawachepetsa kufika 462. Wodi yanga kuti ndiizungulire yonse pa njinga yakapalasa ndinkatenga masiku awiri, nthawi ya dzinja osanena.

Mayi a Tadala, mnzanga uja sanakunamizeni, wangokuuzani zoona mopanda nzeru. Khansala alibe thumba. Ndibwereze, alibe thumba. Salandira ngakhale malipiro enieni, ndi kangachepe chabe kongomuthokoza pa mwezi, ndipo njinga yamoto imene munkationa nayo ija inali ya ngongole. Ntchito yake pa pepala ndi yaikulu: kutenga zofuna za anthu kuchokera ku VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi) ndi ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), kukaziika mu pulani ya boma lonse, kuvomereza bajeti, ndi kulondola ngati ndalama zagwira ntchito yake. Koma ndalama zambiri zochokera ku likulu zimabwera zitalembedwa kale dzina, iyi ya zipatala, iyi ya sukulu, iyi ya ulimi. Zimene khonsolo imatolera yokha ndi za matikiti a m'misika, malaisensi a mashopu ndi tina totero, zosakwana ndi kumanga milatho. Ndalama yooneka ndi maso yomangira tinthu ngati kamlatho kanuko inali ya CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, ndipo pa CDF mawu omaliza anali a phungu. Ndiye mukati khansala akagwade kwa ndani?

China chimene ambiri sadziwa: mu 2010 anasintha lamulo, aphungu anakhala ndi voti m'khonsolo, ndipo bwanamkubwa anayamba kusankhidwa ndi nduna. Taganizani. Munthu amene ukuyenera kumufunsa za matumba a simenti wakhala nawe tebulo limodzi, akuvota nawe, ndipo ndi yemweyo anakulipirira ndalama yolembetsera ku bungwe la zisankho la MEC. Ungatsegule pakamwa?

Ine ndinayesa kamodzi. Ndinafunsa chifukwa chake buloko ina inalembedwa kuti yatha pomwe inalibe zitseko. Sabata yomweyo akuluakulu a chipani kudera anandiitana pansi pa mtengo, akuti ndikuchititsa manyazi banja. Pofika 2019 pa chisankho chachipulula ndinapeza kumbuyo kwanga kwaima anthu 11, atatu mwa iwo akwathu.

Mai a Tadala: Ambuye, ndiye inu munkapangako chiyani zaka zisanu zonsezo?

Khansala Wakale: Maliro, mayi. Ndinanyamula maliro ambiri kuposa mapulani. Munthu akamwalira kuchipatala foni yoyamba ndi ya khansala: bokosi, galimoto, ufa. Ukapanda kuthandiza, ndiwe woipa mpaka chisankho china. Madzi a mu Januwale 2015 aja ndinagona kukampu milungu itatu ndikulemba maina, kenako amene sanalandire chimanga anati ndadya ndine. Mijigo itatu ndi chimbudzi cha pamsika ndiye zomwe ndingaloze ndi chala.

Buluu Mpaka Kale: Vuto ndi loti munali chipani cholakwika achimwene. Pano zinthu zabwerera m'malo mwake, dikirani muone. Ndani anaganizapo zoika doko ku Nsanje? Bingu, 2010!

Tambala Wakuda: Doko lake liti? Lomwe ana amawedzapo makakana lija? Sitima munaionapo kangati? Ife tikunena za njanji ya ku Marka.

Buluu Mpaka Kale: Njanji yafika pakhomo panu? Nanga ngalande ya ku Kapichira anayambitsa ndani?

Adimini: Abwana awiri inu, funso ndi la kamlatho ka matabwa. Za madoko mukayambitse yanu nkhani. Chenjezo loyamba.

Aphunzitsi Opuma: Asiyeni pang'ono a Adimini, atithandiza osadziwa. Mwaona zomwe zachitikazi? Mayi afunsa za matabwa, anthu ayankha za doko ndi njanji. Ndi mmene timavoteranso. Khansala alibe chochita ndi doko, njanji kapena mtengo wa feteleza, koma tsiku lovota timamuchonga chifukwa cha zimenezo. Munthu amalowa m'kachipinda kaja ali ndi nkhope imodzi m'mutu, ya pulezidenti. Pepala lachiwiri amayang'anako pang'ono. Lachitatu amangofuna chizindikiro.

Komanso tinene zoona, kuno kuchigwa chipani sichinakhalepo mtundu wa nsalu, chimakhala munthu. Mu 1994 chigawo chakumwera chikuthamangira UDF, kuno MCP inali ndi anthu ambiri chifukwa cha Mbuya Gwanda Chakuamba. Iwo atatuluka n'kuyambitsa Republican Party mu 2004, anthu anawatsatira komweko. Kenako a Sidik Mia, anakhalapo nduna m'boma la DPP, anapita ku PP, mu 2017 analowa MCP, ndipo chaka chomwecho MCP inatenga mpando wa Nsanje Lalanje pa chisankho chachibwereza. Kodi mukuganiza kuti anthu a ku Lalanje anawerenga manifesito usiku umodzi? A Chakuamba anatisiya mu 2016, a Mia mu Januwale 2021. Chizolowezi chofuna mthunzi wa mtengo waukulu ndiye sichinaikidwe nawo m'manda. Khansala ndi kamtengo komera pansi pa mtengo wotero.

Nyakwawa Wamng'ono: Aphunzitsi, apo pokha nditsutsako. Anthu akuno si nkhosa. Mu Marichi 2021 khoti litalamula kuti chisankho cha aphungu chibwerezedwe ku Nsanje North, Nsanje Central ndi Chikwawa East, anthu anasankha mosiyanasiyana, ena anagwetsa anthu a maina akuluakulu. Ndipo oima paokha amapambana kuno. Munthu akamudziwa amamudziwa.

Aphunzitsi Opuma: Pa uphungu ndikuvomerani, mfumu. Pa ukhansala, tafunsani anthu khumi pa msika wa Ngabu kapena Bangula dzina la khansala wawo, mudzandiuze.

Chemwali wa ku East Bank: Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndilowepo chifukwa ine ndi amene ndapsa posachedwa. Ndinapikisana nawo chaka chino. Inu mukukamba za 16 September, koma khansala sasankhidwa tsiku limenelo. Amasankhidwa miyezi ingapo m'mbuyo, pa chipulula, pabwalo la sukulu, dzuwa lili pamutu.

Mmene zimakhalira ndi izi. Shado aliyense, kutanthauza wofuna kuima pa uphungu, amakhala ndi anthu ake awiri, mmodzi wodi iyi, wina wodi inayo. Amayenda nawo pa galimoto yake, amawasindikizira mapositala, pamsonkhano amawakweza dzanja. Iwe wobwera wekha ulibe wokukweza dzanja. Ine ndinagulitsa mbuzi 6 ndi matumba a mpunga. Ndinayenda m'makomiti a m'madera onse, amayi anandilonjeza, ndipo ndikhulupirira ankanena zoona. Tsiku la chipulula anatiuza malo ena, m'mawa mwake tikumva kuti asintha, ndi kutsidya kwa mtsinje. Anthu anga anayenda wapansi, a mnzanga anabwera pa malole awiri akuimba. Ndipo povota pake mukudziwa, palibe kachipinda. Wopikisana amaima kutsogolo, omufuna amandanda kumbuyo kwake, aliyense akuona. Mayi amene apongozi ake aima mzere winawo, amene mwamuna wake analandira njinga kwa shado, angaime kumbuyo kwa ine? Ndinaona ndi maso anga mnzanga wa kumpingo akubwera kwa ine, atayang'ana kumbali, n'kukhota.

Ndinaima pandekha. Pa pepala tinalipo 7. Paja zoti wopambana apitirire theka la mavoti ndi za pulezidenti yekha, kwa khansala ngakhale utaposa mnzako ndi voti imodzi wadutsa. Wopambanayo ambiri sanamuvotere, mavoti tinangogawana enafe. Ine ndinakhala wachitatu.

Zonyozedwa ndiye sindinena. Akuti mkazi wosakwatiwa angalamule ndani. Abambo amene anali ndi akazi atatu palibe anawafunsa kanthu.

Mai a Tadala: Pepani achemwali. Mbuzi 6 zenizeni!

Chemwali wa ku East Bank: Zinapita mayi, zina zidzabadwa. Chondiwawa ndi choti pa misonkhano yanga ndinkanena za daiki, za mabwato a ana a sukulu, za msewu wa Thabwa kupita ku Fatima ndi Muona mmene umadukira dzinja lililonse. Anthu ankaomba m'manja, pomaliza n'kufunsa kuti "nanga ya sopo?"

Wakabaza wa pa Dyeratu: Apa ndiye musatinene ife. Ine ndinalandira kwa onse, 2,000 uku, 5,000 uku, mafuta a njinga uku. Munthu ameneyo ndidzamuonanso 2030. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikane ndalama chifukwa cha daiki yomwe ngakhale iyeyo alibe ndalama yomangira? A Khansala Wakale anena okha kuti thumba alibe.

Mnyamata wa ku Joni: Koma ukudziwa kuti n'zoletsedwa? Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti.

Wakabaza wa pa Dyeratu: Lamulolo lilipo ku Lilongwe biggie. Kuno amati ndi ya thiransipoti. Pamaliro amati chipepeso. Ukamange ndani?

Khansala Wakale: Mnyamatayu akunena zopweteka koma ali ndi mfundo. Ndingowonjezera kuti 5,000 imeneyo munthu amaibweza. Akalowa ali ndi ngongole, ndipo amene anamukongoza ndi amene amamva foni yake ikaitana, osati mayi a Tadala.

Mwana wa ku Makhanga: Inu a kutsidya mukudandaula muli pa tala. Ife mlatho wa Chiromo ndi Bangula unaduka 1997, ine ndisanabadwe. Mtsinje wa Ruo unasintha njira mu 2015 n'kutisiya ngati pachilumba. Kuti khansala wakuno akafike ku msonkhano ku boma ku Nsanje ndi bwato, kenako kabaza, kenako minibasi, apo ayi azungulire ku Thabwa tsiku lathunthu. Chisankho chilichonse zipani zonse zimabwera ndi mlatho m'kamwa. Ndipo palibe wopikisana ndi mmodzi yemwe amene amayerekeza kunena mawu oti "samukani" nthawi ya kampeni. Amadziwa kuti dimba ndiye moyo wathu, chimanga cha chilimwe, mbatata, nyemba. Madzi akabwera ndi pomwe aliyense amakumbuka kuti tinauzidwa kupita kumtunda. Kumtunda kwake kopanda mjigo, kopanda munda.

Nyakwawa Wamng'ono: Pamenepo mwalasa. Malo osamukirawo amapempha kwa ife mafumu, koma madzi ndi sukulu pamalopo ndi nkhani ya khonsolo. Mafumu aakulu amakhala nawo m'khonsolo koma savota. Ife ang'onoang'ono ndiye timangomva kuti zakambidwa. Ndipo ndinene, nafenso tili ndi mlandu wathu. Nthawi ya kampeni ena mwa ife amaletsa bwalo kwa wopikisana wina n'kupereka kwa wina. Sizoona zimenezo, bwalo ndi la mudzi.

Tambala Wakuda: Mfumu yavomera yokha, lembani tsiku!

Nyakwawa Wamng'ono: Ndati ena mwa ife, mwana iwe.

Mnyamata wa ku Joni: Funso langa kwa a Khansala Wakale. Ndinamva kuti khoti linagamula chaka chino kuti aphungu asamavote m'makhonsolo komanso achoke pa CDF. Ndiye khansala wa mayi a Tadala akudikiriranji olemekezeka?

Khansala Wakale: Unamva zoona, chigamulo chinatuluka mu May 2025, chisankho chisanachitike. Oweruza anati ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondola boma, sangakhalenso wogwira ndalama zomwe akuyenera kuzilondola. Ife akale tinasangalala ngati tawina ndife. Koma aphungu sangasiye nyama ili pakamwa osalimbana, ndipo ngakhale atasiya, chigamulo sichifafaniza ngongole ya pa chipulula. Mnzanga watsopanoyo akudziwa amene anamukweza dzanja. Akudziwanso amene angamugwetse 2030. Mantha ake si a lamulo.

Koma mayi, musabwerere kunyumba kwake ndi madandaulo apakamwa. Chitani izi. Pitani kwa wapampando wa VDC, kamlathoko kalembedwe m'maminitsi. Mutenge kalata ya ahedi yonena kuti ndi ana angati amawoloka pamenepo ndi masiku angati amajomba dzinja. A nyakwawa adinde. Zikapite ku ADC, ndipo tsiku la msonkhano wa ADC inu mukakhalepo, khansala amayenera kupezekapo. Pamenepo mumufunse pagulu kuti nkhaniyi akaitula liti ku komiti yoona za zomangamanga. Zolembedwa zimavuta kuzikana. Ine mijigo itatu ija inatuluka choncho, amayi ena anandisowetsa mtendere ndi kope lawo.

Chemwali wa ku East Bank: Ndipo musapite anayi. Pitani makumi awiri, ndi ana kumbuyo. Nsalu za chipani musiye kunyumba, angati mwatumidwa.

Buluu Mpaka Kale: Kapena angonena kuti khansalayo ndi wa chipani chanji, tidziwe pothandizira.

Mai a Tadala: Ndikanena kuti ndi wanu muthandiza, kapena mubisa? Ndikanena kuti si wanu?

Wakabaza wa pa Dyeratu: Kkkkk amayi awa ndi amene akanaima

Buluu Mpaka Kale: Ine ndangofunsa.

Aphunzitsi Opuma: Funso la a Buluu likundikumbutsa chinthu. Ndikuphunzitsa kudera lina, phungu anali wa chipani china, khansala wa china. Ena ankati zikhala bwino, azilondana. Zomwe zinachitika n'zoti njerwa za nyumba ya mphunzitsi zinakhala zaka zitatu mpaka kumera udzu, chifukwa aliyense ankaopa kuti ikamangidwa anthu ayamika mnzake. Ndiye akakhala amodzi khansala amangoti inde bwana, akakhala osiyana njerwa zimamera udzu. Ine sindidziwa kuti chabwino n'chiti.

Khansala Wakale: Osiyana aphunzitsi. Bola njerwa zimakhalapo, mumaziona.

Adimini: Mayi a Tadala mudzatiuze mmene mwayendera. A Buluu ndi a Tambala, zithunzi za misonkhano mwatumizazo ndachotsa.

Mai a Tadala: Abale ndabweranso, papita masabata awiri. Tinachita monga ananenera ambuye aja. Ahedi analemba kuti ana 143 ndi amene amawoloka pamenepo, ineyo sindinkadziwa kuti ndi ochuluka choncho. Ku ADC tinapita amayi 17. Khansala anabwera mochedwa pa njinga yobwereka, atationa anatuluka thukuta kuposa la dzuwa. Za olemekezeka sanatchulenso. Anatulutsa pepala, kamlatho kathu kalipo kale, kanalembedwa 2023, kali pa nambala 14. Pa nambala 1 pali mpanda wa bwalo la mpira. Titafunsa kuti anasanja ndani manambalawo, aliyense anayang'ana mnzake. Wapampando wa ADC akuti akasanjanso Lachinayi likubwerali, ife tikakhalaponso.

Pobwerera khansala anatipeza panjira, anatsika njinga n'kuyenda nafe. Akuti amayi, mundithandize kukuwa, ndekha sandimva. Kenako anandibwereka 3,000 ya mafuta.

Khansala Wakale: Munampatsa?

Mai a Tadala: Ndinampatsa 2,000, ndalemba m'kope lomwe lija. Kumapiri kwayamba kuchita mdima madzulo. Alipo ali ndi matabwa olimba kapena misomali ya 6 inchi pafupi? Abambo akuti Loweruka ayambe aikapo kaye china chogwirira ana aang'ono.